Mmene mitengo imapiririra chilala, chisanu ndi moto: ntchito ya majini oyendetsa kakulidwe

Mawu oyamba

Chilala chikafika, mbalame zimasamuka, abusa amakusira ng'ombe kumadambo, ndipo anthu amakumba zitsime zakuya. Mtengo ulibe mwayi wotere. Pamene udamera mpomwepo, ndipo dzuwa la Okutobala, mphepo yozizira ya Juni ndi moto wa m'tchire zimaupeza uli chiimire. Komabe mlambe wa m'chigwa cha Zambezi umatha zaka mazana ambiri, ndipo chitsa cha mombo chimene owotcha makala adasiya chimaphukanso.

Ana amene mudzawaphunzitse amaona zimenezi pa njira ya kusukulu, ndipo tsiku lina mmodzi adzakweza dzanja n'kufunsa kuti: "Aphunzitsi, mtengo ulibe maso kapena ubongo, nanga umadziwa bwanji kuti chilimwe chafika?" Mphunzitsi wosakonzeka amayankha kuti ndi chilengedwe chake basi, ndipo mwanayo sadzafunsanso. Nkhani ino yalembedwa kuti inu mukhale ndi yankho. Mfundo yake yaikulu ndi imodzi: mtengo umadziteteza posintha kakulidwe kake, ndipo majini amene amaumanga, kuyambira kumuzu mpaka kuduwa, ndi omwewo amene amaimitsa kukula kapena kukuyambitsanso nyengo ikasintha.

Kodi jini n'chiyani?

Thupi la mtengo, monga la munthu, ndi lopangidwa ndi tizipinda ting'onoting'ono totchedwa maselo, timene sitioneka ndi maso paokha. M'kati mwa selo lamoyo muli ulusi wautali wotchedwa DNA, umene mabuku a Chipwitikizi amaulemba ADN. Jini ndi kachigawo ka ulusi umenewu, kokhala ndi malangizo opangira puloteni inayake, ndipo mapuloteni ndiwo amagwira ntchito za m'selo. Mbewu imalandira majini kuchokera ku mtengo umene udaibereka ndiponso ku mungu umene udagwera pa duwa. N'chifukwa chake mbande imafanana ndi makolo ake.

Selo la muzu ndi selo la tsamba a mtengo umodzi ali ndi majini ofanana. Kusiyana kwawo kuli pa majini amene akugwira ntchito ndi amene atsekedwa. Tiyerekeze ndi mudzi. Khomo lililonse lili ndi khasu, nkhwangwa ndi chikwakwa, koma chida chimene chatuluka m'nyumba lero chimatengera nyengo ndi zimene amfumu alengeza. M'selo mulinso majini ena ochepa amene ntchito yawo ndi kulengeza: mapuloteni awo amakhala pa DNA n'kumatsegula kapena kutseka majini ena ambirimbiri nthawi imodzi. Ambiri mwa majini oyendetsa kakulidwe ndi a mtundu umenewu.

Zambiri zimene tikudziwa zidayamba kudziwika pa kaudzu kotchedwa Arabidopsis thaliana, kamene kamabereka m'milungu yochepa. DNA yake yonse idawerengedwa mu 2000, ndipo kali ndi majini pafupifupi 27,000. Mtengo woyamba kuwerengedwa chotere udali Populus trichocarpa wa ku North America, mu 2006, ndipo udapezeka ndi majini oposa 40,000. Mu 2014 gulu lotsogozedwa ndi Zander Myburg wa ku yunivesite ya Pretoria lidafalitsa DNA ya bulugamu wa mtundu wa Eucalyptus grandis, wokhala ndi majini pafupifupi 36,000. Mabanja a majini amene titchule m'munsimu amapezeka m'zomera zonse zochita maluwa, kotero zimene zidaphunziridwa kutali zimatithandiza kumvetsa mitengo ya kwathu.

Chenjezo limodzi: kwa ana ambiri mawu oti majini amatanthauza mizimu yogwira anthu. Musanapite patsogolo, lembani pa bolodi mawu a Chipwitikizi oti gene pambali pa jini, ndipo fotokozani kuti apa tikunena za malangizo a chibadwa a m'maselo.

Malo okulira

Ziwalo za munthu zimaumbidwa ali m'mimba, ndipo akafika msinkhu amaleka kutalika. Mtengo umapanga ziwalo zatsopano moyo wake wonse, chifukwa umasunga maselo aang'ono amene sadasankhe ntchito. Maselo amenewa ali m'malo atatu: kunsonga kwa nthambi, kunsonga kwa muzu, ndi pansi pa khungwa.

Malo achitatuwa mukuwadziwa kale. Aliyense amene adasendapo luzi pa mombo adakhudza kamnofu konyowa ndi koterera kamene kali pakati pa khungwa ndi thunthu. Asayansi amakatcha kambiyamu. Maselo ake akagawikana, ena amapita m'kati n'kusanduka thabwa, momwe muli timipaipi tokweza madzi kuchokera kumizu. Ena amapita kunja n'kusanduka mnofu wa khungwa, umene umatsitsa shuga kuchokera kumasamba. Mtengo umene wasendedwa khungwa kuzungulira thunthu lonse umauma chifukwa mizu yake yadulidwira njira ya chakudya.

Mu 1996 Thomas Laux ndi anzake ku Germany adafotokoza jini lotchedwa WUSCHEL, limene limasunga maselo a kunsonga kuti asathe. Likafa, nsonga imapanga masamba ochepa n'kuleka. Jini lina, CLAVATA3, limaletsa WUSCHEL kuti lisapyole muyeso, ndipo awiriwa amakokanakokana kotero kuti nsonga siitha komanso siitupa. Mu kambiyamu muli m'bale wake wa WUSCHEL wotchedwa WOX4. Asayansi a ku Sweden atafooketsa jini limeneli m'mitengo ya Populus, thunthu lake lidakhala lowonda kwambiri. Uthenga uliwonse wa chilala, chisanu kapena moto umakathera m'malo atatuwa, chifukwa ndi kumene kumagamulidwa ngati mtengo ukule, uime kapena utembenukire kwina.

Madzi akachepa

Pansi pa tsamba pali timabowo tambirimbiri, ndipo kabowo kalikonse kali ndi maselo awiri okhala ngati milomo. Timabowoti ndi tolowera mpweya wa kaboni dayokisaidi umene tsamba limapangira shuga, koma pomwepo mpotulukiranso madzi. Madzi oposa 90 pa 100 alionse amene mizu yamwa amathera mumlengalenga kudzera pamenepa.

Nthaka ikayamba kuuma, jini lotchedwa NCED limatseguka, ndipo mtengo umapanga homoni yotchedwa ABA. Homoni ndi mankhwala a m'thupi onyamula uthenga. ABA ikafika pa milomo ya timabowo, maselo aja amataya mchere ndi madzi n'kufota, ndipo kabowo kamatsekeka m'mphindi zochepa. Madzi apulumuka, koma mpweya wopangira chakudya nawonso watsekeredwa kunja. Mtengo umene watseka timabowo kwa nthawi yaitali ukudya za m'nkhokwe.

Chilala chikapitirira, majini olengeza aja amadzuka. Gulu limodzi, lotchedwa DREB, lidafotokozedwa mu 1998 ndi Kazuko Yamaguchi-Shinozaki, Kazuo Shinozaki ndi anzawo ku Japan. Majini a DREB amatsegula majini ena opanga mapuloteni ndi shuga zoteteza selo kuti lisawonongeke likauma kapena likazizidwa. Asayansiwo adapanga zomera zimene DREB yake imagwira ntchito usana ndi usiku osapuma. Zomerazo zidapirira chilala ndi chisanu, koma zidapinimbira. Apa mpamene pagona phunziro: kupirira kuli ndi mtengo wake, ndipo chimene chomera chimalipira ndi kukula.

Kupinimbirako sikungobwera chifukwa cha njala ayi. Chomera chimadziletsa chokha. Muli mapuloteni otchedwa DELLA amene ali ngati mabuleki a njinga. Nyengo ikakhala bwino, homoni yotchedwa jiberelini imawaphwanya ndipo nthambi zimatalika. Mavuto akabwera, jiberelini imachepa, DELLA imachuluka, kukula kumaima. Mu 2006 gulu la Nicholas Harberd ku John Innes Centre, mumzinda wa Norwich, lidaonetsa kuti Arabidopsis wopanda mapuloteniwa sachedwetsa kukula kwenikweni akaikidwa m'mchere, koma amafa msanga kuposa mnzake wokhala ndi mabuleki.

Si mbali zonse zimene zimaima. Nthambi zikaleka kutalika, mizu imapatsidwa gawo lalikulu la shuga kuti ilondole chinyezi. M'mitengo ya Populus, majini a WOX11 ndi WOX12, abale enanso a WUSCHEL, amatseguka pa chilala ndipo amakulitsa mizu. Kambiyamu nayo imasintha: imapanga thabwa lochepa, la timipaipi topapatiza. Kampaipi kopapatiza kamakweza madzi pang'ono, koma sikalowa mpweya msanga, pamene kotakata kakalowa thovu la mpweya kamaleka kugwira ntchito. N'chifukwa chake pa chitsa cha mtengo wa paini, chaka cha chilala chimasiya mzere wopyapyala.

Kuyoyola masamba

Mwana akaona mlambe uli mbee, wopanda tsamba, amaganiza kuti wafa kapena kuti dzuwa lawotcha masamba ake. Zoona n'zakuti mtengo umachotsa masamba mwadongosolo. Pamene tsamba lidamera, patsinde pa kapesi kake padakonzedwa kale mzere wa maselo aang'ono odzadukirapo. Tsamba lathanzi limatumiza homoni yotchedwa okisini, imene imaletsa mzerewo kugwira ntchito. Tsamba likakalamba kapena madzi akasowa, okisini imachepa, ndipo mpweya wotchedwa etilini, womwe uja umapsetsa nthochi zovundikiridwa, umadzutsa mzerewo. Kenaka jini lotchedwa IDA limapereka chizindikiro, maselo amatulutsa timadzi tosungunula ulimbo umene udawamata, ndipo tsamba limagwa. Pabala pamamera kakhungwa kotseka kuti madzi asatuluke ndi matenda asalowe.

Tsamba lisanagwe, mtengo umaphwasula zobiriwira zake n'kubweza nayitrojeni ndi michere ina m'nthambi ndi m'mizu. Chikasu chimene timaona ndi chizindikiro chakuti katundu wasamutsidwa. Nthambi yothyoka ndi mphepo imauma masamba ali pomwepo, chifukwa maselo akufa sangagwire ntchito yodulayi. Chitsanzo chimenechi mungachionetse kwa ana mosavuta.

Kuwerenga nyengo

Mtengo umene ungadikire kuti chisanu chifike kuti uyambe kukonzeka ndiye kuti wachedwa. M'maiko ozizira, mitengo imawerenga kutalika kwa usana. M'masamba muli mapuloteni omva kuwala ndiponso majini oyenda ngati wotchi ya maola 24. Usana ukakhala wautali mokwanira, puloteni ya jini lotchedwa CONSTANS imachuluka n'kutsegula jini la FT. Puloteni ya FT imayenda m'njira ya shuga kuchoka kutsamba kupita kunsonga.

Poyamba FT linkadziwika ngati jini loyambitsa maluwa. Mu 2006 gulu la Ove Nilsson ku Umeå, kumpoto kwa Sweden, lidaonetsa zinthu ziwiri. Choyamba, timitengo ta Populus timene FT yake idakwezedwa tidayamba kuonetsa maluwa m'milungu yochepa, pamene mitengo yotere imadikira zaka zambiri. Chachiwiri, FT ndilo limauza nsonga kuti ipitirize kukula. Usana ukafupika, FT limatsika, nsonga imaleka kupanga masamba n'kudzikuta ndi timamba tolimba. Adapezanso kuti mitengo yochokera kumpoto kwenikweni imaleka kukula usana udakali wautali, pamene yochokera kummwera imadikira. Mtundu ndi umodzi, koma majini a gulu lililonse adazolowera kwawo.

Mapichesi a ku Angónia ndi Tsangano akutiphunzitsa mbali yachiwiri ya nkhaniyi. Pichesi akagona, sadzuka mpaka atamva kuzizira kwa maola okwanira. Mitundu ina imafuna maola mazana ochepa, ina pafupifupi 1,000, ndipo kuzizira kowerengedwa kwambiri ndi kwa pakati pa madigiri 0 ndi 7. Oyang'anira tulo timeneti ndi majini 6 otchedwa DAM. Adadziwika chifukwa cha mtundu wina wa pichesi wochokera ku Mexico umene majiniwa sagwira ntchito: mtengowo suleka kukula ngakhale usana ufupike, mpaka chisanu chiwononge nsonga zake. M'pichesi wamba, majini ena a DAM amakwera mtengo ukamagona, ndipo amatsika pang'onopang'ono pamene maola ozizira akuwunjikana. Akatsika mokwanira, kutentha kukabwera, maluwa amatuluka. Pichesi wobzalidwa kumalo otentha ngati mzinda wa Tete salandira kuzizira kotere, choncho amaphuka mwa apo ndi apo ndipo sabereka bwino. Vuto silili pa manyowa kapena pa dzanja la wobzala.

Moto ndi nkhwangwa

Mlimi wa fodya amadziwa kuti akadula nsonga, m'mphanda za masamba mumatuluka ana ambiri. Pamphanda ya tsamba lililonse pali kadiso kogona, kokhala ndi maselo aang'ono ngati a kunsonga. Nsonga yaikulu ikakhalapo, okisini imene imatsika nayo imapondereza timaso timeneti, ndipo m'kati mwake jini lotchedwa BRC1 limatigwira kuti tisaphuke. Nsonga ikachoka, okisini imachepa, shuga amakhamukira kutimaso, BRC1 limatsika, ndipo mphukira zimatuluka.

Mitengo imasunga timaso totere pansi pa khungwa ndi patsinde kwa zaka zambiri. Bulugamu wopsa ndi moto amaphuka m'thunthu monse pa chifukwa chimenechi. Nkhalango za miombo zikadulidwa zimabwerera makamaka kudzera m'zitsa ndi m'mizu, ndipo mphukira ya pa chitsa imakula msanga kuposa mbande chifukwa yapeza mizu yakuya ndi chakudya chosungidwa. Koma nkhokwe imeneyi ili ndi malire. Mphukira zikamapsa chaka ndi chaka ndi moto wa kumapeto kwa chilimwe, kapena zikamadyedwa ndi mbuzi, chitsa chimatha mphamvu n'kuuma.

Mitengo iwiri ya kwathu

Mu Seputembala ndi Okutobala, nthaka ili gwaa, mitengo ya miombo imatulutsa masamba atsopano ofiira mvula isanagwe. Zithunzi zojambulidwa kuchokera mumlengalenga zaonetsa kuti izi zimachitika m'dera lalikulu la kummwera kwa Afrika, milungu ingapo mvula isanayambe. Choncho chodzutsa mitengoyi si mvula. Asayansi ambiri amaloza kutalika kwa usana ndi kutentha. Kwathu kuno usana umachoka pa maola pafupifupi 11 mu Juni kufika pa 13 mu Disembala, ndipo kusintha kochepa chotere zomera zimakumva. Mitengoyo imagwiritsa ntchito madzi akuya ndi chakudya chimene idasunga, kuti mvula ikamagwa ipeze masamba ali okonzeka. Kufiira kwake kumachokera ku utoto wotchedwa antosayanini, umene majini a banja la MYB amalamula kuti upangidwe, ndipo umathandiza kutchinga tsamba lanthete ku dzuwa.

Msangu umachita zosemphana ndi anzake. Umayoyola masamba m'dzinja n'kuphuka m'chilimwe, pamene mizu yake yakuya ikumwa madzi a pansi. Alimi amausiya m'munda chifukwa suphimba chimanga, ndipo masamba ake amasanduka manyowa. Zida zodulira tsamba ndi zodzutsira timaso n'zofanana ndi za mitengo ina. Chasiyana ndi nthawi imene zimatulutsidwa.

Chifukwa chake mphunzitsi ayenera kudziwa izi

Sukulu zambiri zimabzala mitengo, ndipo kawirikawiri amene amayang'anira nazale ndi mphunzitsi. Mbande zikafa, ana amagwa ulesi ndipo makolo amati ntchitoyo njopanda pake. Zimene taphunzirazi zikupereka malangizo anayi. Tolani mbewu ku mitengo ya m'dera lofanana ndi lanu pa mvula, kutentha ndi kukwera kwa malo, chifukwa mbewu ya kumapiri ili ndi kalendala ya kumapiri. Tolani ku mitengo yambiri yotalikirana, osati umodzi, kuti majini akhale osiyanasiyana; chilala chonga cha 2016 kapena cha 2024 chikabwera, ina idzapirira. Milungu yomaliza mbande zisanachoke ku nazale, chepetsani madzi ndi mthunzi pang'onopang'ono kuti majini oteteza adzuke zisanakumane ndi dzuwa la kumunda. Pomaliza, musazule mbande chifukwa yaleka kukula kapena yayoyola masamba. Kandani khungwa ndi chikhadabo: ngati pansi pake pali pobiriwira ndi ponyowa, ili moyo.

Zochita ndi ana

Choyamba, mangani thumba la pulasitiki loonekera m'kati pa nthambi ya masamba m'mawa, ndipo lina pa nthambi yopanda masamba. Masana ana ayerekeze madzi amene ali m'matumbamo, afotokoze okha phindu la kuyoyola masamba.

Chachiwiri, bzalani nyemba m'zitini ziwiri. Zikafika masamba anayi, dulani nsonga ya imodzi. Ana ajambule zomerazo masiku atatu alionse kwa milungu iwiri.

Chachitatu, gulu lililonse lisankhe mtengo umodzi wa pafupi ndi sukulu, monga mango, msangu, mlambe, masau kapena mombo, ndipo lizilemba mwezi ndi mwezi tsiku limene wayoyola, waphuka, wachita maluwa ndi kubereka. Afunsenso agogo awo kuti mtengowo umalosera chiyani za mvula, kenaka ayerekeze ndi zimene alemba.

Kwa ana a makalasi oyamba, mayina ngati WUSCHEL ndi DELLA si ofunika. Amenewo ndi anu, kuti muzidziwa pamene yankho lanu laima. Pewani kunena kuti mtengo umaganiza kapena umafuna. Nenani kuti umamva kuwala, kutentha ndi chinyezi, ndipo malangizo a m'maselo ake amasintha kakulidwe.

Mafunso okambirana

1. Fotokozani chifukwa chake selo la muzu limasiyana ndi la tsamba ngakhale majini awo ndi ofanana.
2. Zomera zimene DREB yake sinkapuma zidapirira chilala koma zidapinimbira. Kodi izi zikutiuza chiyani za mbande imene yaleka kukula m'chilimwe?
3. Kholo lina labweretsa mbande za pichesi kuchokera ku Tsangano kuti zibzalidwe pasukulu ya m'chigwa chotentha. Mungalilangize chiyani, ndipo mungafotokoze bwanji chifukwa chake?
4. Konzani yankho la ziganizo zitatu, loyenera mwana wa kalasi yachinayi, pa funso lija lakuti mtengo umadziwa bwanji kuti chilimwe chafika.